Pansi Panali Pouma

Ndinagwira ntchito ndi a Pamtima zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pa lesitilanti ina ya m'tauni, ine kukhitchini, iwo kumatebulo. Pakati pathu panali kawindo kotulutsirapo mbale, ndipo pa kawindo kameneko m'pomwe ndinawaonera bambowa kuyambira tsitsi lili bii mpaka litachita mbuu.

Dzina lakuti Pamtima anawapatsa ndi makasitomala. Operekera zakudya anzawo onse ankayenda ndi kabuku ndi cholembera, koma iwo ayi. Ankaima pa tebulo la anthu asanu ndi atatu manja ali kumbuyo, aliyense n'kunena zake, uyu tiyi wopanda shuga, uyu mazira awiri osapsetsa, uyu nkhuku koma ikhale ya mwendo, iwo n'kumangogwedeza mutu. Pobwerera ankadutsa pa tebulo lina n'kulandiranso maoda, kwinaku akupatsa moni amene wangolowa, kwinaku akulozera mwana kosamba m'manja. Akafika pa kawindo ankandilakatulira zonse osaphonya ngakhale chimodzi. Thireyi ankainyamula ndi dzanja limodzi, pamwamba pa phewa. Panali makasitomala ena amene ankabwera dala ndi alendo awo kuti adzawayese, n'kumasinthasintha maoda, koma a Pamtima sankakodwa.

Chimene ambiri sankadziwa n'chakuti bambowa sukulu analekezera m'kalasi yachitatu. Anabwera m'tauni ali mnyamata, nayamba ndi kutsuka mbale, ndipo atawakweza kuti azipita kumatebulo anaopa kuti akagwira cholembera anthu aona mmene zilembo zawo zimapendamira. Ndiye anaphunzitsa mutu. Luso lonse lija linabadwa ndi manyazi, ndipo ine ndinali m'modzi mwa anthu ochepa amene ankadziwa zimenezi. Anakwatira mayi wosoka zovala, analera ana anayi, ndipo shati yoyera ya kuntchito ankasita okha. Ankati akazi awo amadziwa kusoka kolala koma kuisita ayi.

Bondo linayamba ndi lakumanja. M'mawa akafika ankayenda ngati mwendo ndi wobwereka, kenako ukatenthera ankawongoka. Akawerama kuti atole supuni, bondolo linkalira moti ife kukhitchini tinkamva. Wophika mnzanga ankaseka kuti a Pamtima akusowa girizi, iwo n'kuseka nawo, koma ankati palibe kanthu, ndi kuzizira chabe. Ine ndinkamva fungo la mankhwala opaka akayandikira kawindo. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa firiji atakwinya buluku, akumanga bondo ndi bandeji, litatupa ngati mpira. Anandipempha kuti ndisauze munthu. Ankaopa abwana, chifukwa pantchito ngati yathu munthu akayamba kutsimphina amayamba kumuwerengera masiku.

Lesitilanti yathu inali ndi zipinda ziwiri, chakumtunda ndi chakumunsi, ndipo pakati pake panali masitepe atatu a matailosi. Pa masitepe amenewo m'pomwe ndinayamba kuona zachilendo. A Pamtima akamatsika opanda chonyamula, pakamwa pali chete, ankatsika bwinobwino. Koma mutu ukadzaza maoda, phazi linkakwekwereza pansi. Wina akawaitana ali pakati poyenda ankadzandira pang'ono, n'kugwira mpando ngati akufuna kuuwongola. Masiku ena mwendo unkayenda bwino, koma akafika pa kawindo ankaima kukamwa kuli yasa, oda imodzi itagwera panjira. Zinali ngati mutu ndi mwendo zikulimbirana munthu m'modzi. Ine ndinkangophika chimene ndikudziwa kuti kasitomala ameneyo amakonda, nkhani n'kutha.

Pantchitopo panalinso mayi wina amene tinkangowatchula kuti Mayi Okolopa. Anali atagwira nafe zaka zitatu. Anali mayi wofatsa, wamfupi, wa ana awiri aakazi a kusekondale, ndipo ankabwera ndi chakudya chawo m'kakontena ngakhale ankaloledwa kudya nafe. Ankakolopa 10 koloko m'mawa makasitomala a tiyi atachepa, kenako 3 koloko masana, ndipo nthawi zonse ankaimika kachikwangwani kachikasu kochenjeza anthu mpaka pansi pauma.

Tsikulo linali Lachisanu, cha m'ma 12 koloko. Chipinda chakumunsi chinadzaza ndi anthu a ofesi ina amene ankatsanzikana ndi mnzawo wopuma pantchito. A Pamtima anatenga pa kawindo thireyi ya mbale zinayi za supu wotentha. M'mutu anali ndi maoda a tebulo lina la anthu asanu ndi m'modzi amene anali asanandiuze, poti ndinali nditawauza kuti adikire kaye ndiphule mpunga. Ataponda sitepe yachiwiri, bambo wina kumtunda anawakumbutsa za tsabola amene anaitanitsa. A Pamtima anatembenuza mutu kuti ayankhe. Ndinaona ndi maso angawa bondo lija likupindika lokha ngati mpeni wa m'thumba. Sanaterereke. Mwendo unangokana basi.

Mbale zinasweka. Supu anakhuthukira pa mkono ndi pamiyendo pa mayi wina wa ku ofesi ija, ndipo mayiyo analira mokweza. Anthu anaimirira, wina anathamangira madzi ozizira, abwana anatuluka mu ofesi yawo. A Pamtima anali chikhalire pansi pakati pa magalasi, shati yoyera ija itasanduka ina, anthu makumi awiri akuwayang'ana. Abwana atafunsa chimene chachitika, iwo anayang'ana uku ndi uku, kenako ananena motsitsa mawu:

"Pansi pano m'ponyowa, bwana."

N'zoona pa nthawiyo panali ponyowa, poti supu anali paliponse. Abwana anaitana Mayi Okolopa. Iwo anati anakolopa 10 koloko monga mwa masiku onse, ndipo anachotsa chikwangwani pansi patauma. Abwana anatembenukira ku kawindo n'kundifunsa ngati ndinaona chilichonse. Ndinayang'ana a Pamtima, munthu amene ndadya naye mbale imodzi zaka zonsezi, amene anandinyamulira bokosi la malemu mayi anga. Ndinati maso anga anali pa poto.

Mwamuna wa mayi wopsa uja anabwera masana omwewo ali moto, akufuna kudziwa amene achotsedwe ntchito. Pofika 4 koloko Mayi Okolopa anali atavula epuloni. Sanakangane ndi munthu. Anatsuka mopu, kuiyanika pamalo pake, kutenga kakontena kawo, n'kutulukira khomo lakumbuyo. Podutsa kukhitchini anatitsanzika tonse. Ine ndinayankha nkhope ili m'sinki.

A Pamtima anakhala kunyumba milungu itatu. Mwana wawo wamkazi woyamba, amene ndi mphunzitsi, anawakakamiza kupita kuchipatala. Atawajambula anawauza kuti ndi nyamakazi ya m'maondo, kuti kamnofu kosalala kamene kamakhala pakati pa mafupa kadyeka, ndipo lakumanzere nalonso layamba. Anawatumiza kwa dokotala wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo pochita masewera. Zimene zinachitika kumeneko anandifotokozera okha pambuyo pake, ndipo ndizinena mmene anandiuzira.

Dokotalayo anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo. Anawauza kuti akhale pampando manja ali pachifuwa, aimirire n'kukhalanso kasanu. Anachita. Anawauza kuti ayende potsata mzere wa pansi mpaka kukhoma n'kubwerera. Anayenda mwaulemu wake, chifuwa patsogolo, ngati akupita ku tebulo la alendo olemekezeka. Anakhala pabedi, dokotala n'kugwira mwendo pa akakolo kuti iwo aukankhe, ndipo anakankha mwamphamvu mpaka mtsikanayo anawayamikira. A Pamtima anayamba kuganiza kuti mwana wawo wawavutitsa pachabe.

Kenako dokotala anati abwereze zonsezo, koma ulendo uno akutchula miyezi ya pachaka chobwerera m'mbuyo, kuyambira Disembala. Iwo anaseka, nati zimenezo n'zamasewera kwa munthu amene amasunga maoda a matebulo atatu. Ananyamuka. Disembala, Novembala, anayenda bwino. Pa Okutobala phazi linatuluka pa mzere. Pofunafuna mwezi wotsatira miyendo inangoima yokha, ndipo potembenuka pakhoma anadzandira moti dokotala anawagwira pa lamba. Atabwerera pabedi kuti akankhenso mwendo uku akuwerenga chobwerera, mtsikana uja anautsitsa ndi dzanja limodzi ngati akutseka chivundikiro cha poto.

Dokotalayo anawafotokozera kuti bondo labwino limagwira ntchito yake osavutitsa mutu. Koma likadyeka, ululu n'kulowa, minofu ya pantchafu n'kufooka, limafuna kuti mutu uzilondera phazi lililonse. Mutu ukatanganidwa ndi zina, bondo limatsala lopanda mlonda, mphamvu zimachepa, ndipo munthu amadzandira. Anati zimachitikira anthu ambiri a vuto limeneli, si ukalamba wa nzeru ayi. Kenako anatenga khadi lawo n'kufunsa kuti anagwa bwanji. A Pamtima anati anaterereka pansi ponyowa. Dokotala anafunsa ngati pa nthawiyo ankalankhula kapena kuganiza zina. Iwo anati sakukumbuka. Mtsikanayo anawayang'ana pang'ono n'kulemba.

Anandiuza kuti kulemba sadziwa bwino, koma kuwerenga mawu amodziamodzi amatha, ndipo anaona mawu akuti anaterereka akulowa pa khadi la chipatala ndi inki. Mwana wawo anali pompo, atanyamula jekete lawo, akudandaula kwa dokotala za anthu osasamala amene amasiya madzi pansi. A Pamtima anati tsiku limenelo anatuluka thukuta kuposa tsiku limene anagwa.

Anawapatsa zochita kunyumba. Ankamangirira kathumba ka mchenga pa akakolo n'kumawongola mwendo atakhala pampando. Ankaimirira ndi kukhala kakhumi, m'mawa ndi madzulo. Ankaima ndi mwendo umodzi atagwira tebulo la makina a akazi awo. Patapita milungu anawauza kuti aziyenda m'khonde uku akutchula mayina a nyama, kuti mutu ndi mwendo ziphunzirenso kugawana ntchito, ndipo akazi awo ankaseka kuti nyumba yasanduka sukulu ya mkaka. Koma lamulo lalikulu linali la kuntchito. Pa masitepe asalankhule. Wina akawaitana, ayambe aima, kenako ayankhe. Thireyi agwire ndi manja awiri. Maoda alembe, kuti mutu utsale ndi mpata woyang'anira mwendo.

Anabwerera kuntchito ali ndi kabuku m'thumba la shati. Tsiku loyamba anaima pa tebulo la anthu awiri okha kwa nthawi yaitali, lilime lili panja pang'ono, akulimbana ndi mawu akuti mazira. Kasitomala wina wakale anafuula kuti aliyense amve kuti a Pamtima agula buku, dziko latha. Anthu anaseka, iwonso anamwetulira, koma nkhope inali itagwa. Kapepala kakafika pa kawindo ine sindinkatha kuwerenga. Tinagwirizana zizindikiro zathu: kamzere kozungulira ndi dzira, mtanda ndi tiyi wopanda shuga, ndipo nkhuku ankaijambula ndithu, kamutu ndi timiyendo tiwiri. Operekera zakudya anzawo, amene kale ankawachitira nsanje, anayamba kuwachitira chisoni, ndipo ndikuganiza kuti chisonicho chinkawapweteka kuposa nsanje.

Sanagwenso. Mwendo unayamba kulimba, kutupa kunachepa. Koma munthuyo anali atasintha. Kampani ina inatumiza wokolopa watsopano, ndipo a Pamtima akamuona akubwera ndi ndowa ankapatuka ngati akumana ndi apongozi. Ine ndi iwo tinkalankhulana za mbale zokha.

Panapita miyezi iwiri. Tsiku lina masana, makasitomala atachepa, ndinatuluka kuseri kukataya makoko a mbatata ndipo ndinawapeza atakhala pa kreti pafupi ndi masilinda a gasi, mwendo atauwongola. Anandifotokozera zonse za kuchipatala zija, pang'onopang'ono, maso ali pa nsapato. Atamaliza anati:

"Achemwali, pansi paja panali pouma."

"Ndikudziwa, achimwene."

Anadzutsa mutu. "Munaona?"

"Ndinaona zonse."

Ndinaganiza kuti andithokoza, ndipo ndinkaopa kuti akatero ndilira. Koma sanandithokoze. Anati masiku onsewa ankadzitonthoza kuti mwina panalidi kadontho ka madzi, kuti mwina sananame kwenikweni. Tsopano ndawalanda ngakhale kabodza kameneko. Tinakhala pamenepo anthu awiri akuluakulu, wina ndi beseni la makoko m'manja, osatha kuyang'anana.

M'mawa mwake tinalowa limodzi mu ofesi ya abwana. A Pamtima anakana mpando, anagwira m'mphepete mwa desiki, n'kunena zonse: za bondo, za bandeji, za bambo wa tsabola. Ine ndinanena mbali yanga. Abwana anakwiya, koma osati mmene tinkayembekezera. Chinawanyansa n'chakuti tikufukula nkhani imene iwo anaikwirira movutikira. Anati malo a Mayi Okolopa ali kale ndi munthu wa kampani, ndipo sangathetse mgwirizano chifukwa choti anthu awiri tulo tawasowa. A Pamtima anati ngati pakufunika wochoka, achoke iwo. Abwana anati asawaphunzitse ntchito. Pomaliza anavomera kulemba kalata yonena kuti mayiwo anagwira bwino ntchito zaka zitatu ndipo anachotsedwa molakwika. Abwanawo anawachotsa a Pamtima ku chipinda chakumunsi, nawapatsa matebulo anayi a pafupi ndi kawindo, kumene kulibe masitepe ndipo kumakhala anthu a tiyi okhaokha.

Kuwapeza Mayi Okolopa kunatitengera milungu iwiri, ndipo pamenepo m'pomwe tinazindikira kuti zaka zitatu zonse palibe anafunsapo kumene amakhala. Mlonda wa pageti ndiye anatilondolera. Anati tsopano amachapa zofunda pa nyumba ina yogona alendo, masiku atatu pa mlungu.

Tinapita Lamlungu masana. Titatsika basi tinayenda kanjira ka miyala kotsetsereka, ndipo a Pamtima sanalankhule mpaka tinafika, maso ali pa mapazi. Nyumbayo inali ya chipinda chimodzi pa mdadada wa nyumba za lendi. Tinawapeza akusankha nyemba pakhomo. Anatilandira monga alendo, natiyalira mphasa, koma atayang'ana mwendo wa a Pamtima anatuma mwana wawo kukabwereka mpando kwa aneba. Mwanayo anali wamkulu mwa atsikana awo awiri aja. Tinamva pocheza kuti teremu imeneyo sanapite kusukulu, akuthandiza amayi ake kuchapa.

A Pamtima anayamba kulankhula asanakhale, mayiwo n'kuwauza kuti akhale kaye. Atakhala ananena zonse, osadzichepetsera mlandu. Anati ananama chifukwa anaopa kuti anthu adziwa kuti mwendo watha, ndipo anasankha munthu amene ankadziwa kuti sangadziteteze. Mayi Okolopa anamvetsera manja ali m'lichero, akupitiriza kutola timiyala.

Atamaliza, mayiwo anati palibe chachilendo chimene amva. Anati munthu wokolopa amayang'ana pansi tsiku lonse, ndiye mapazi a anthu amawadziwa kuposa nkhope. Phazi la a Pamtima analiona likukwekwereza kwa miyezi yambiri.

"N'chifukwa chake masitepe aja ndinkawapukuta kawiri, bambo. Ndikakolopa, ndinkabweranso ndi chiguduli chouma. Ndinkachitira inuyo."

A Pamtima anaphimba nkhope ndi chipewa. Mayiwo anawasiya alire, kenako anati munthu amene wagwa pagulu amagwira chilichonse chimene chili pafupi, ndipo zimenezo anazimvetsa ngakhale zinawawa. Atatero anatembenukira kwa ine, kwa nthawi yoyamba chifikireni.

"Koma inu, mayi, munali chilili. Simunagwe."

Ndinali nditakonza mawu m'basi, okhudza ubwenzi wa zaka zambiri ndi mantha, koma onse anaoneka opepuka. Ndinangoti ndinalakwa. Iwo anagwedeza mutu, osati movomera kapena mokana, n'kubwerera ku nyemba zawo.

Kalata ija anailandira ndi manja awiri, anaipereka kwa mwana wawo kuti awawerengere, ndipo atamva anaipinda n'kuiika m'chitini. Anatipatsa madzi akumwa. Potsanzika anatiperekeza mpaka pamsewu monga mwa ulemu, akuyenda pang'onopang'ono kumbali ya mwendo wodwala wa a Pamtima, ndipo pamalo pamene panali ngalande anawauza poponda. Basi itabwera anatifunira ulendo wabwino n'kubwerera.

Kalatayo inawathandiza kupeza ntchito yokhazikika pa sukulu ina ya ana aang'ono, ndipo mwana wawo uja anabwerera m'kalasi chaka chotsatira, atatsalira m'mbuyo anzake. A Pamtima anagwira ntchito zaka zina ziwiri, kenako bondo lakumanzere litafika poipa anapuma. Masiku ano amakhala pa shopu ya akazi awo, amasita zovala zosokedwa atakhala pampando wautali, ndipo amayenda ndi ndodo. Amapitabe ku mafizo kamodzi pa mwezi. Ndinamva kuti anapempha dokotala uja kuti afufute mawu aja akuti anaterereka pa khadi, ndipo mtsikanayo anangowadula ndi mzere n'kulemba ena pamwamba.

Ine ndikadali kukhitchini. Mayi Okolopa aja ndimakumana nawo nthawi zina pamsika Loweruka, pogula ndiwo zamasamba. Amandipatsa moni wonse, amafunsa za ana ndi za kuntchito, ine n'kufunsa za atsikana awo. Akatero amati akuthamangira, ndipo amapita.